KAFUE, MUDZI WOMANGIDWA NDI NKHANI ZA KUTALI

Nkhani imene inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja



Pakati pa anthu ophunzira pali mwambo wina umene ndifuna kuti tiuganizire pamodzi. Munthu amene watha zaka zambiri ali kufufuza cinthu cimodzi, kaya ndi ndale za pakati pa maiko, kaya ndi kayendedwe ka cuma, kaya ndi mbiri ndi makhalidwe a anthu, amaitanidwa kuti aime m'holo pamaso pa anthu wamba ndi kuwafotokozera zimene wapeza. Citseko cikhala cotseguka, pakhomo safunsa setifiketi, ndipo kawirikawiri salipiritsa. Mlendoyo akatha kulankhula, munthu ali yense ali ndi ufulu wa kuimirira ndi kumfunsa. Ine ndidzaucha mwambo umenewu maphunziro a pabwalo, cifukwa ufanana ndi bwalo la kumudzi, kumene nkhani ikambidwa poyera ndipo ngakhale wosauka apatsidwa mpata wa kuyankhapo.

Koma anchito ambiri akaona cikalata ca msonkhano wotere pa khoma amangopitirira. Amati, "Izo nza anthu a mataye. Kodi za ku London ndi za ku Washington zidzandigulira thumba la ufa?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo liyenera kuyankhidwa ndi zinthu zooneka ndi maso. Cotero tiyeni tipite ku Kafue, makilomita ngati 45 kumwera kwa Lusaka, tikaone mafakitale a kumeneko, ndi kufunsa kuti anadza bwanji, nanga cinawafooketsa nciani. Tidzapeza kuti zambiri za m'tauni imeneyo zinayamba ndi mau amene ananenedwa kutali, ndi anthu amene sanamwepo madzi a mtsinje wa Kafue.

ULALO NDI DAMU

Ciyambi ca tauniyi ndi njanji. M'caka ca 1905 ulalo wa pa Victoria Falls unatha kumangidwa, ndipo m'caka ca 1906 njanji inaoloka mtsinje wa Kafue pa ulalo wacitsulo wa zigawo 13, ndi kufika ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Anthu a m'mbali mwa mtsinje sanapemphe njanjiyo ai. Inadza cifukwa eni ndalama a ku London anamva kuti ku Broken Hill kuli mtobvu, ndi kuti patsogolo pace, ku Katanga, kuli mkuwa. Kwa zaka zambiri Kafue anali kasiteshoni kakang'ono, ndi masitolo ocepa, mafamu a Azungu, asodzi a nsomba, ndi sukulu ya amishoni a Methodist.

Pang'ono kumunsi kwa tauni mtsinje ulowa m'phompho pakati pa mapiri, ndi kutsika mamita mazana angapo usanafike ku Zambezi. Akatswiri anaona kale kuti pamenepo mpoyenera kupangira magetsi, ndipo Boma la Northern Rhodesia linali litabvomereza nchitoyo pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinayamba m'caka ca 1953. Koma m'caka ca 1955 Boma la Citaganya, limene linali ku Salisbury, linasankha Kariba m'malo mwa Kafue. World Bank inakongoza madola 80 miliyoni, makampani a migodi anaikapo zao, ndipo nyumba ya makina opangira magetsi inamangidwa tsidya lija, m'dziko la Southern Rhodesia. Anthu ambiri a kuno anadandaula kuti mkuwa wa kumpoto uli kulemeretsa a kumwera, koma madandaulo ao sanasinthe kanthu.

Zipatso za cisankho cimeneco zinaoneka patapita zaka khumi. Pa 11 November 1965, Zambia atangotha caka cimodzi ali pa ufulu, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia wadzicotsa m'manja mwa Britain. Taganizani mmene zinthu zinaliri. Magetsi ambiri a m'migodi anali kucokera ku Kariba, ndipo cozimitsira cace cinali m'manja mwa Smith. Malasha osungunulira mkuwa anali kucokera ku Wankie. Petulo, nsalu, mankhwala ophulitsira miyala ndi katundu wina wambiri anali kudza pa njanji ya kumwera, ndipo mkuwa unali kutuluka pa njanji yomweyo. Munthu amene mphika wace, nkhuni zace ndi madzi ace ziri m'nyumba ya mdani wace sagona tulo. Britain ndi United Nations ataletsa malonda ndi Rhodesia, ife tinamva kuwawa msanga. Petulo anayamba kugawidwa ndi makuponi. Wina anabwera pa ndege, wina m'migolo pa malole oyenda mseu woipa wa ku Dar es Salaam.

TAUNI YATSOPANO

Pamenepo Boma la Dr Kenneth Kaunda linatsimikiza mtima kuti dziko liyenera kudzipangira lokha zonse zimene lingathe. Paipi ya mafuta yocokera ku Dar es Salaam inafika ku Ndola m'caka ca 1968, mgodi wa malasha unatsegulidwa ku Maamba, ndipo Kafue anasankhidwa kukhala mudzi wa mafakitale, cifukwa pamenepo pakumana madzi, njanji, mseu waukulu ndi magetsi, ndipo Lusaka ali pafupi. M'mwezi wa April 1968, ku Mulungushi, Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 m'makampani ena akulu, naika nchitoyo m'manja mwa bungwe la Indeco, limene linali kutsogoleredwa ndi Andrew Sardanis. M'mwezi wa August 1969, ku Matero, ananena zomwezo za migodi.

Tsono taonani amene anadza kudzamanga. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito m'caka ca 1970, inamangidwa ndi kampani ya Kobe Steel ya ku Japan. Nchito yace inali yodabwitsa: kutenga malasha a ku Maamba, madzi a mu Kafue, ndi mpweya womwe tipumawu, ndi kupanga mankhwala amodzi amene ali feteleza m'munda wa cimanga ndiponso cophulitsira miyala pansi pa mgodi. Pafupi ndi iyo panamangidwa Kafue Textiles of Zambia, yopota thonje la alimi athu, kuomba nsalu, ndi kudinda zitenje. Mapulani a tauni yatsopano anajambulidwa ndi kampani ya Doxiadis, Mgiriki amene anajambulanso mzinda wa Islamabad ku Pakistan, ndipo nyumba za anchito zinamangidwa ku Kafue Estates. Damu la pa Kafue Gorge, limene Citaganya cinakana, linamangidwa ndi kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia, ndipo magetsi ace anayamba kuyaka m'caka ca 1971.

Mwina mufunsa kuti, nanga a ku Yugoslavia anafika bwanji kuno? Masiku amenewo maiko anali ogawanika pawiri, ena kumbuyo kwa America, ena kumbuyo kwa Russia. Mtsogoleri wa Yugoslavia, Marshal Tito, anali mmodzi wa amene anayambitsa gulu la maiko osatsata mbali, ndipo Zambia analowa gulu limenelo. Msonkhano wace waukulu wacitatu unacitika mu Lusaka m'mwezi wa September 1970, m'holo ya Mulungushi imene anamanga a ku Yugoslavia omwewo. Cimodzimodzi njanji ya Tazara: maiko a kumadzulo ataona kuti siidzabweza ndalama, China ndiye anaimanga, niitha m'caka ca 1975.

Cotero mnyamata amene anacoka ku Petauke kapena ku Monze nalembedwa nchito pa makina oombera nsalu ku Kafue, analembedwa cifukwa ca zimene Smith anacita ku Salisbury, cifukwa Harold Wilson ku London anakana kutumiza asilikali kukamgwetsa, ndi cifukwa ca ubwenzi wa atsogoleri a ku Lusaka ndi a ku Belgrade. Kapena iye sanazidziwe zimenezi, koma envulopu ya malipiro ace inacokera m'menemo.

MKUWA, MAFUTA NDI NGONGOLE

Tsopano timve mbali ya cuma, ndipo inu a ku migodi mucherepo khutu, pakuti apa ndi pamene nchito yanu ilumikizana ndi ya anzanu a ku Kafue. Fakitale ingakhale iri m'dziko lathu, makina ace anacokera kunja. Citsulo cimodzi cikathyoka, cina ciyenera kuitanitsidwa ku Japan kapena ku Germany. Utoto wodindira zitenje ndi mankhwala ena ambiri agulidwanso kunja. Ogulitsawo salandira Kwacha. Afuna madola kapena mapaundi. Ndipo pa madola khumi ali onse amene Zambia anali kupeza pa malonda a kunja, oposa asanu ndi anai anali kucokera ku mkuwa. Cotero woomba nsalu wa ku Kafue anali ataimirira pa mapewa a wokumba mgodi wa ku Nkana, ndipo wokumba mgodiyo anali ataimirira pa mtengo wa mkuwa, umene upangidwa tsiku ndi tsiku pa msika wa zitsulo wa ku London.

Pamene mafakitale anali kumangidwa mtengowo unali wabwino, ndipo m'caka ca 1969 migodi yathu inatulutsa matani oposa 700,000. Koma cakudza siciimba ng'oma. M'mwezi wa January 1973 Smith anatseka malire, ndipo katundu anayamba kuyenda njira zazitali ndi zodula. M'mwezi wa October caka comweco kunabuka nkhondo pakati pa Israel ndi maiko a Aarabu, ndipo m'miyezi yocepa mtengo wa mgolo wa mafuta unakwera kucoka pa madola ngati 3 kufika pa madola ngati 12. Maiko a mafakitale ambiri anacepetsa nchito zao, nacepetsanso kugula mkuwa, kotero kuti pakati pa 1974 ndi 1975 mtengo wace unatsika ndi theka. Zimene tigula zinakwera, cimene tigulitsa cinatsika. Malire a kumwera anakhala otseka kufikira October 1978, ndipo cimodzi ca zifukwa zimene Boma linawatsegulira cinali cakuti feteleza wa kunja anali kucedwa kufika, dzinja liri pafupi, pakuti fakitale ya ku Kafue yokha siinathe kukwanitsa alimi onse.

Boma linaganiza kuti mtengo udzakweranso msanga, ndipo linakongola kuti lidikire. Mtengowo sunakwere, ndipo cakumapeto kwa 1979 banki yaikulu ya Boma la America inakweza ciongola dzanja, ngongole za maiko osauka nizilemera koposa. Apa ndi pamene bungwe la IMF linayamba kumveka m'makomboni mwathu. Linabvomera kukongoza, koma linafuna kuti Boma licepetse ndalama zimene linali kuthandizira mtengo wa ufa ndi wa feteleza, ndi kuti Kwacha ipeze yokha mtengo wace. M'mwezi wa October 1985 madola anayamba kugulitsidwa pa okushoni sabata ndi sabata. Dola imodzi, imene inali Kwacha ziwiri ndi kanthu pang'ono, inafika pa Kwacha 21 m'mwezi wa April 1987. Taganizani fakitale imene iyenera kugula zitsulo ndi utoto ndi madola otere! M'mwezi wa December 1986 mtengo wa ufa utakwera kunacitika zipolowe ku migodi ndipo anthu anafa, ndipo pa 1 May 1987 Kaunda analeka pangano lace ndi IMF, koma patapita zaka ziwiri anabwereranso.

Akuluakulu a ku migodi sanadabwe kwambiri, pakuti makolo ao anazionapo kale. Msika wa ku New York utagwa m'caka ca 1929, mtengo wa mkuwa unagwa pambuyo pace, migodi ina inatsekedwa, ndipo anchito a Ciafirika, amene anali ngati 30,000 m'caka ca 1930, sanafike 7,000 pakutha kwa 1932.

SALAULA

M'mwezi wa October 1991 Frederick Chiluba ndi cipani ca MMD anapambana masankho. Boma latsopano linatsitsa misonkho ya katundu wa kunja, ndipo m'caka ca 1992 linapanga lamulo la kugulitsa makampani a Boma. Mabelo a zobvala zakale zocokera ku Ulaya ndi ku America, zimene timati salaula, anadzaza misika, ndi nsalu zochipa za ku Asia zomwe. Fakitale ya nsalu ya ku Kafue inayamba kucotsa anchito, ndipo zaka zocepa citapita caka ca 2000 makina ace anaima. Fakitale ya feteleza inafooka kwambiri. Mabanja ambiri anadikira nthawi yaitali ndalama zao zopumira nchito, ndipo amene anali akatswiri a makina anasanduka ogulitsa nsomba ndi makala m'mbali mwa mseu. Ku migodi nako nchito inacepa, ndipo m'caka ca 2000, pamene migodi ya ZCCM inatha kugulitsidwa, dziko linatulutsa matani ngati 250,000 okha.

Kodi walakwa ndani? Pa funso limeneli anthu ophunzira sabvomerezana, ndipo ndi bwino kuti mudziwe cimeneci. Ena ati citseko cinatsegulidwa mofulumira, ndi kuti maiko amene ali olemera lero anayamba achinjiriza mafakitale ao kufikira atalimba. Ena ati mafakitale athu anali atadwala kale: makina okalamba, ngongole zambiri, oyang'anira osankhidwa cifukwa ca cipani, ndi nsalu yodula imene munthu wosauka anali kuigula cifukwa panalibe ina. Mai wina wophunzira, Karen Tranberg Hansen, amene anafufuza malonda a salaula m'misika ya Lusaka nalemba buku la nkhaniyo m'caka ca 2000, anaonetsa kuti zobvalazo zinabveka anthu ambiri bwino pa mtengo wocepa, ndi kuti zinapatsa nchito amai ndi anyamata ambiri a pa msika. Cotero cimene cinacotsa nsima m'nyumba ya woomba nsalu cinaika nsima m'nyumba ya wogulitsa pa msika. Nkhani yotere siithera pa mau amodzi a pa msonkhano wa cipani. Ifuna anthu okhala pansi, omva mbali zonse, ndi ofunsa.

ZIMENE MANAMBALA SANENA

Pali mtundu wacitatu wa maphunziro umene anthu aupeputsa, ndiwo wa mbiri, zinenero, ndi makhalidwe a anthu. Amati uwo sumanga ulalo. Indedi sumanga, koma ufunsa za anthu amene ulalo uwapitirira pamutu. Pamene damu la Kariba linamangidwa, Atonga ngati 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa. M'mabuku a akatswiri a damu iwo anali nambala yokha. Koma Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, amene anayamba kukhala pakati pa anthu a ku Gwembe m'caka ca 1956 nabwererako zaka zambiri, analemba zimene nambala siinena: madimba a m'mbali mwa mtsinje amene anamira, manda ndi malo opempherera mvula amene anasiyidwa, nthaka yosabala ya kumalo atsopano, ndi mikangano imene inalowa m'mabanja. Zolemba zao zathandiza maiko ambiri kuganiza bwino asanasamutse anthu.

Pa Kafue pomwe pali nkhani yofanana. Damu la Itezhi-Tezhi, limene linatha m'caka ca 1977 kuti lisunge madzi a magetsi a pa Kafue Gorge, linasintha nyengo ya kusefukira kwa madzi m'cidikha ca Kafue, kumene Aila ndi Atonga adyetsa ng'ombe zao m'cilimwe, ndi kumene nsomba ziswana. Mkulu wa magetsi awerenga mphamvu ya makina ace, ndipo acita bwino. Koma payenera kukhalanso wina wofunsa mbusa ndi msodzi m'cinenero cao. Maphunziro omwewo atiphunzitsanso kuyesa mau. Mau monga citukuko, kudzidalira, ndi ufulu wa malonda ananenedwa ndi maboma osiyana, ndipo onse anakoma m'khutu. Wodziwa mbiri akumbuka cikomekome ca mkuyu, nang'amba cipatso asanadye.

MAKOLO ATHU ANAPITA KU BWALO

Wina asanene kuti zimenezi nzacilendo kwa anchito. Ufulu wa dziko lino unaphukira m'timagulu ta aphunzitsi, makalaliki ndi akapitao amene anali kukumana madzulo m'maholo a m'makomboni kuwerenga nyuzipepala ndi kutsutsana. Harry Nkumbula anaphunzira pa sukulu ya amishoni ya pa Kafue pomwepa, naphunzitsa ku Mufulira ndi ku Kitwe, napita ku Makerere ndi ku London, kumene anamvera akatswiri a za cuma pa London School of Economics. M'caka ca 1949 iye ndi Dr Hastings Banda analemba cikalata cotsutsa Citaganya, ndipo m'caka ca 1951 anakhala mtsogoleri wa Congress.

Ku migodi, William Comrie anadza kucokera ku Scotland m'caka ca 1947 kudzaphunzitsa mmene bungwe la anchito liyendera, ndipo m'caka ca 1949 bungwe la anchito a Ciafirika a m'migodi linakhazikitsidwa, Lawrence Katilungu ali mtsogoleri. M'caka ca 1952 ananyanyala nchito masabata atatu mwa mtendere, ndipo mlandu wao unapita kwa C. W. Guillebaud, mphunzitsi wa za cuma wa ku Cambridge, amene anagamula kuti malipiro akwere. Pamaso pa munthu wotere kufuula sikuthandiza. Pafunika kudziwa mtengo wa mkuwa, phindu la kampani, ndi ndalama zimene banja lifuna pa mwezi.

Yunivesite ya Zambia itatsegulidwa m'caka ca 1966, inakhazikitsa cigawo ca maphunziro a anthu a kunja kwa mipanda yace, cotsogoleredwa ndi Lalage Bown, ndipo aphunzitsi anatumizidwa kukakhala m'zigawo za dziko kuti acititse makalasi a madzulo ndi maphunziro a pabwalo. Ganizo lace linali lakuti yunivesite imene anthu wamba anathandiza kumanga ndi zopereka zao iyenera kubwerera kwa iwo ndi zimene yapeza.

MMENE TIYENERA KUMVERA

Nkhani za kutali sizinaleke kufika ku Kafue. Patapita caka ca 2000 panamangidwa fakitale yosungunula zitsulo. Kumunsi kwa damu lakale kampani ya Sinohydro ya ku China inamanga damu lina, limene linatha m'caka ca 2023. M'mwezi wa November 2020 Zambia analephera kulipira ngongole zina za kunja, ndipo panapita zaka akulu a Boma ali kukambirana ndi okongoza ku Paris, ku Beijing ndi ku Washington. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi m'madamu, ndipo magetsi anazima maola ambiri tsiku liri lonse. Maiko olemera afunanso mkuwa wambiri cifukwa ca magalimoto oyendera magetsi, ndipo alendo ambiri adzabwera ndi mapangano okoma.

Cifukwa cace ndikupemphani kuti mukamva za maphunziro a pabwalo, kaya ndi m'holo ya khonsolo, kaya ndi ku chalichi, kaya ndi ku ofesi ya bungwe la anchito, mupite. Ndipo musapite kukaomba m'manja cabe. Mlendo abwera ndi kalumo kakuthwa, koma mutu wometedwawo ndi wanu. Tengani mafunso anai. Loyamba: pa cinthu cimene muli kuyamikaci, adzapindula ndani, nanga adzalipira ndani? Laciwiri: manambala anuwa mwawatenga kuti, nanga amene atsutsana nanu anena ciani? Lacitatu: zimenezi zinayesedwapo kuti, ndipo zinatha bwanji? Lacinai, limene mbiri ya Kafue itiphunzitsa: mtengo wa mkuwa ukatsika ndi theka, monga unacitira m'caka ca 1975, pangano limeneli lidzaima pa ciani? Munthu woona mtima adzakondwera nao mafunso otere, ndipo adzanena poyera pamene nzeru zace zalekezera. Amene akwiya pofunsidwa, mumcenjerere.

Inu amai, bwaloli ndi lanunso. Mtengo wa ufa ukakwera, woyamba kudziwa ndi amene agwira mthiko, ndipo wogulitsa pa msika adziwa za kutsika kwa Kwacha nyuzipepala isanalembe. Musakhale kumbuyo kwa holo.

Ndiri ndi mau kwa inunso ophunzira. Ngati nkhani zanu zonse zikambidwa m'mahotela a mu Lusaka, m'Cingerezi, nthawi ya masana pamene anthu ali pa nchito, musadabwe kuona mipando yopanda anthu. Bwerani ku Kafue, ku Wusakile, ku Kantanshi, anthu ataweruka. Lankhulani m'Cinyanja, m'Citonga ndi m'Cibemba, kapena mupeze womasulira wabwino. Ndipo mukatha kulankhula, khalani pansi mumvere, pakuti m'holomo mudzakhala nkhalamba imene inayendetsa makina a feteleza zaka makumi awiri, ndipo idziwa cimene cinawaononga koposa mmene malipoti anu adziwira.

Amene anasankha Kariba m'caka ca 1955 sanafunse anthu a kuno, pakuti Afirika ambiri analibe voti. Lero tiri nayo, ndipo woponya voti wosadziwa kumene ndalama za dziko zicokera angathe kunyengedwa ndi citenje cimodzi. Akulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tiphunzire kufunsa mapangano asanasainidwe, pamene yankho lingathe kusintha kanthu.